Musalande Buku Lachikondi Musanaliwerenge

Aphunzitsi anzanga, lero ndabwera ndi nkhani yomwe ndikudziwa kuti ikwiyitsa ena mwa inu, makamaka a m'komiti yosungitsa mwambo. M'masukulu athu ambiri muli lamulo losalembedwa loti mwana akapezeka ndi buku lachikondi, bukulo lilandidwe, likatsekeredwe m'kabati ya ahedi, ndipo mwiniwakeyo akatchetche udzu kapena akakumbe dzenje. Palibe amene amafunsa kuti analemba ndani, kapena kuti m'katimo muli chiyani. Pachikuto pakangooneka mwamuna ndi mkazi, mlandu watha, chigamulo chaperekedwa. Ine ndikuti lamulo limeneli ndi laulesi. Tikutaya mankhwala pamodzi ndi poizoni chifukwa choti zonse zili m'mabotolo ofanana, ndipo palibe amene akufuna kuwerenga zomwe zalembedwa pabotolopo.

Chandiyambitsa kulankhula ndi buku lina limene ndawerenga kachiwiri patchuthi chapitachi. Dzina lake ndi One Day, analemba ndi David Nicholls wa ku England, ndipo linatuluka m'chaka cha 2009. Ndi buku lachikondi, inde. Ine munthu wa zaka zopitirira 40, wapabanja, wogwira choko tsiku ndi tsiku, ndasangalala nalo kwambiri ndipo sindikupepesa kwa wina aliyense. Amene akufuna kuseka aseke, koma ayambe wamva kaye.

Nkhani yake ndi ya anthu awiri, Emma Morley ndi Dexter Mayhew. Awiriwa anacheza usiku wonse atangolandira madigiri awo pa yunivesite ya Edinburgh ku Scotland, kukucha pa 15 July 1988. Kuchokera pamenepo wolemba amationetsa tsiku limodzi lokha pachaka, 15 July, chaka ndi chaka mpaka 2007. Masiku ena onse a chakacho sitiwaona. Timangopeza kuti zinthu zasintha, wina wasamuka, wina wachotsedwa ntchito, wina ali ndi chibwenzi chatsopano, monga momwe zimakhalira ukakumana ndi mnzako wa ku sekondale pamaliro kamodzi pachaka. Ku England tsikuli amalitchula kuti la St Swithin, ndipo anthu akumeneko ali ndi kachikhulupiriro kakale koti mvula ikagwa tsiku limeneli ndiye kuti igwa masiku 40. Nicholls anafotokozapo kuti maganizo olemba motere anawapeza m'buku la Thomas Hardy lotchedwa Tess of the d'Urbervilles, momwe mtsikana amalingalira zoti pa masiku a chaka pali tsiku lina lomwe adzafere, ndipo amalidutsa chaka chilichonse osalizindikira.

Tsono tamverani chomwe chimandikoka. Awiriwa anakondana kuyambira usiku woyamba, owerenga tonse timaona, koma panatha zaka 13 asanakhale pamodzi. Ndipo chomwe chinawachedwetsa si mfiti, si mfumu yankhanza, si kalata yabodza ya mdani. Ndi zinthu wamba zimene zimachedwetsa anthu enieni: kunyada, manyazi, kusiyana kwa kochokera, ntchito, mowa, ndi kusakhwima. Emma ndi mwana wa anthu wamba a ku Yorkshire, wanzeru, amene anakhoza mapeto ake pa yunivesite. Dexter ndi mwana wa anthu olemera, wooneka bwino, amene anangodutsa mokwawa koma zitseko zonse zimamutsegukira zokha. Wokhoza bwino uja anakathera kogwira ntchito m'lesitilanti ya zakudya za chi Mexico ku London, akununkha mafuta, pamene wokwawa uja ankazungulira dziko, Rome, India, kenako n'kukhala muulutsi wotchuka pa wailesi yakanema. Mphunzitsi amene sanaonepo zoterezi pakati pa ana ake akale ndiye kuti wayamba ntchito dzulo.

Pali malo ena m'bukuli omwe amandipweteka mtima nthawi iliyonse. M'chaka cha 1990 Dexter ali ku India analembera Emma kalata yaitali, yoona, yomuitana kuti asiye ntchito ya m'lesitilanti ija abwere akakumane ku Taj Mahal. Kalatayo anaiika m'buku, bukulo n'kuliiwala pamalo omwera mowa. Sinatumizidwe, ndipo Emma sanadziwe konse kuti inalembedwa. Palibe ng'oma, palibe kulira, nkhani ikungopitirira chaka chotsatira ngati palibe chachitika. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Apa mbewa zake zinali ziwiri, iliyonse kuuna kwake.

Emma pambuyo pake anakhala mphunzitsi wa Chingerezi pa sekondale, ndipo zomwe Nicholls analemba za tsiku lomwe Emma ankakonzekeretsa ana sewero la Oliver!, ana akumenyana kuseri kwa katani makolo atakhala kale pamipando, mphunzitsi aliyense amene anatsogolerapo kalabu ya zisudzo azizindikira. Anakhala zaka ndi Ian, munthu wabwino mtima amene ankafuna kukhala wanthabwala koma nthabwala zake sizinkaseketsa, ndipo Emma sankamukonda ngakhale ankayesetsa. Dexter kumbali yake kutchuka kunamuzunguza mutu. Anapita kukaona mayi ake akudwala khansa iye ataledzera, mpaka bambo ake anamulanda makiyi a galimoto. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Buku silimubisira nyerere zake ngakhale imodzi.

Tsopano tiyeni ku zifukwa zanu, chifukwa ndazimva kambirimbiri m'chipinda cha aphunzitsi.

Choyamba mumati mabuku achikondi amaononga atsikana, amawapatsa maganizo a zibwenzi. Abale, mwana wa zaka 16 safuna buku kuti aganize za chibwenzi. Thupi lake lamuuza kale, anzake amuuza kale, nyimbo za m'minibasi zamuuza kale, ndipo foni ya mlongo wake yamalizitsa. Funso si loti kodi aganize za chikondi kapena ayi. Funso ndi loti akamaganiza, m'mutu mwake muli chithunzi chotani cha chikondicho. Ndipo chithunzi chimene dziko likumugulitsa ndi chimodzi chokha: chikondi chofulumira. Mwaonana Lolemba, mwapatsana manambala, Lachitatu wakutumizira mayunitsi, Loweruka wakugulira chipisi ndi nkhuku, mwezi wamawa mimba. Pa TikTok nkhani yachikondi imayamba ndi kutha m'mphindi imodzi. M'mafilimu ambiri omwe ana amaonera m'mavidiyo a patauni, mnyamata wolemera amangotsitsa galasi la galimoto, basi, moyo wa mtsikana wasintha. Mwana amene wakula ndi zithunzi zimenezi amakhulupirira kuti mwamuna akanena kuti "ukachedwa ndipeza wina" ndiye kuti akunena zoona za chikondi.

Izi si nkhani zoseweretsa. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la maukwati mu 2015 loika zaka 18, ndipo mu 2017 inasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo. Zabwino zimenezo. Koma lamulo limaletsa ukwati, silisintha chithunzi cha m'mutu mwa mwana. Ife aphunzitsi timadziwa madesiki omwe amatsala opanda munthu teremu yachitatu. Ndiye mukandiuza kuti buku lomwe likuonetsa mtsikana akumaliza yunivesite, akuvutika ndi ntchito, akudzipezera yekha njira, n'kudzakhala ndi mwamuna amene amamukonda ali ndi zaka za m'ma 30, ndilo likuononga atsikana athu, ine ndikuti simunaliwerenge.

Ndipo pali chinyengo china chomwe tiyenera kuchitchula dzina. Kwa zaka zingapo Romeo and Juliet linali pa mndandanda wa mabuku a mayeso a MSCE, ndipo tinkaliphunzitsa monyadira. Taonani nkhani yake bwinobwino. Sewero likuyamba Romeo akulirira mtsikana wina, Rosaline. Usiku womwewo waona Juliet paphwando, Rosaline waiwalika. Juliet sanakwanitse n'komwe zaka 14. Tsiku lotsatira akwatirana mobisa, makolo osadziwa. Sabata isanathe anthu 6 afa, awiri mwa iwo modzipha. Chimenecho tinkachilemba pabolodi, ana n'kuloweza, n'kulembera mayeso. Sindikunyoza Shakespeare, seweroli ndi lalikulu ndipo iye mwini akuchenjeza za kuthamanga. Koma zimatheka bwanji kuti chikondi cha masiku osakwana sabata chikhale maphunziro, pamene chikondi cha zaka 13 chikhale mlandu wokumbira dzenje? Kusiyana kwake n'koti buku lina linabwera ndi chidindo cha unduna, linalo linabwera m'chikwama cha mwana.

Chachiwiri mumati mabukuwa amadya nthawi yowerengera mayeso. Apa ndiye ndimaseka. Ndi ife tomwe timadandaula chaka ndi chaka kuti ana a Fomu 4 satha kulemba chimangirizo cha tsamba limodzi, kuti Chingerezi chawo ndi cha pa WhatsApp, kuti chikhalidwe chowerenga chinafa. Kenako tapeza mwana mmodzi pa ana 80 amene mwa kufuna kwake wagwira buku la masamba oposa 400, ndipo chomwe tikuchita n'kumulanda. Ife amene tinali ku sekondale m'zaka za m'ma 1990, Chingerezi chathu tinachitola kuti? Tinachitola m'ma Pacesetters a Macmillan omwe tinkabwerekana mpaka chikuto kuthothoka, Evbu My Love la Helen Ovbiagele, Love on the Rocks la Andrew Sesinyi, ndi ena otero. Palibe amene anaphunzira kusambira powerenga malamulo a kasambiridwe pabolodi. Chiyankhulo chimalowa munthu akamafunitsitsa kudziwa chomwe chichitike patsamba lotsatira.

Chachitatu, ndipo ichi ndi cholemera kuposa zinazo, mumati m'mabuku amenewa muli mowa, chiwerewere, ndi makhalidwe achizungu. Zoona, mu One Day muli zonsezo. Dexter amamwa, amagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, amasinthasintha akazi. Emma nayenso nthawi ina anagwa m'chibwenzi ndi hedimasitala wake wapabanja, chinthu chonyansa chomwe bukulo limachionetsa kuti n'chonyansa ndithu. N'chifukwa chake sindingalipereke kwa mwana wa Fomu 1. Koma kusankha kuti buku ili ndi la msinkhu uwu, ili ndi la msinkhu uwo, ndi ntchito ya munthu amene wawerenga. Ndiyo ntchito yathu, ndiyo tinaphunzirira ku koleji. Kulanda chilichonse mosaona ndi ntchito ya mlonda wa pageti. Komanso onani momwe mowawo ukuonekera m'nkhanimo. Sukumupatsa Dexter ulemerero ayi. Ukumulanda ntchito, ukumuchititsa manyazi pamaso pa dziko lonse pa pulogalamu ya pompopompo, ukumulanda masiku omaliza ndi mayi ake. Ulaliki wa pa asembule sungafike pomwe ndime zimenezo zimafika.

Kwa ana aang'onowo liripo buku lina la mtundu womwewu lopanda zonsezo: Persuasion la Jane Austen, lomwe linasindikizidwa kumapeto kwa 1817, mwiniwake atamwalira kale chaka chomwecho. Anne Elliot ali ndi zaka 19 anatomeredwa ndi Frederick Wentworth, msilikali wa pamadzi wopanda chuma. Mayi wina wolemekezeka, Lady Russell, mnzawo wa malemu mayi ake, amene kwathu kuno tikanati ndi azakhali, anamulangiza kuti athetse. Anne anamvera. Patatha zaka 8 Wentworth anabwerera ali kaputeni wolemera ndi ndalama za kunkhondo, mtima uli ndi chipsera, Anne ali ndi zaka 27 ndipo abale ake atamuwerengera kale m'gulu la otsalira. Buku lonse ndi la anthu awiri okhala m'chipinda chimodzi, akulankhula ndi ena onse kupatula wina ndi mnzake, aliyense akuyesa kuwerenga nkhope ya mnzake. Mwana wa kwathu kuno, amene amadziwa mphamvu ya mawu a malume ndi azakhali pa nkhani ya banja, angakambirane bukuli ola lathunthu: kodi Anne analakwa kumvera? Kodi akulu akalangiza molakwa koma ndi mtima wabwino, mlandu ndi wa yani? Mafunso amenewa ndi a msinkhu wawo kuposa ambiri omwe timawafunsa.

Pano ndichenjeze, chifukwa ndikudziwa kuti ena mundimva molakwa mwadala. Chikondi chochedwa si chimodzimodzi ndi nyimbo ija timaimbira akazi pa chilangizo yoti banja n'kupirira. Sindikunena kuti mtsikana akhale pakhonde zaka 13 kudikira chidakwa kuti chisinthe. Emma sanachite zimenezo. Mu 1995 Dexter anamutengera ku lesitilanti yodula, n'kumangodzuka patebulo, kumunyoza ntchito yake ya uphunzitsi, maso ali pa akazi ena. Emma anatuluka, n'kumuuza poyera kuti chikondi chilipo koma munthu amene iye wasanduka sakumufunanso, ndipo anadula ubwenziwo kwa zaka zingapo. M'zaka zimenezo anasiya Ian, anasiya uphunzitsi, anayamba kulemba mabuku a achinyamata mpaka anatchuka nawo. Pamene Dexter anamupeza ku Paris mu 2001, banja lake ndi Sylvie litatha, ntchito ya pa kanema itapita, ali bambo wa mwana mmodzi, anapeza mayi woima payekha amene anali ndi ufulu wonena kuti ayi. Phunziro lake ndi limenelo. Nthawi siikonza munthu yokha, koma imaulula kuti munthuyo ndi ndani, ndipo amene wadzimangira moyo wake amasankha ndi maso awiri.

N'chifukwa chake sindiika m'gulu limeneli buku lotchuka la Gabriel García Márquez, Love in the Time of Cholera la 1985, ngakhale kalembedwe kake n'kokoma zedi. Florentino Ariza anadikira Fermina Daza zaka 51, miyezi 9 ndi masiku 4, uku akulemba m'makope zibwenzi zake zokwana 622, n'kukaonekera tsiku la maliro a mwamuna wake kudzanenanso mawu omwe aja. Kumeneko n'kuumirira, ndi matenda, ndipo dzina la bukulo likunena lokha. Chikondi chochedwa chomwe ndikuteteza ine ndi cha anthu awiri amene akudziwana chaka ndi chaka, kukangana, kukhululukirana, kuonana pa tsiku loipa. Sindikuikanso m'gululi timabuku tambiri ta Mills & Boon momwe mwamuna wolemera wamwano amasungunuka patsamba lomaliza chifukwa mtsikana ndi wokongola. Mwana mukamupeza ndi kotero musamulande. Mufunseni ngati anaonapo mwamuna wamwano akusintha m'milungu iwiri, kenako mumubwereke lina labwinopo.

Amene simufuna kudziwa mathero a One Day, dumphani ndime ino. Awiriwa atakwatirana, atatsegula kamalo kogulitsa khofi ndi zakudya, akuyesayesa kuti apeze mwana, Emma anagundidwa ndi galimoto ali panjinga pa 15 July 2004, n'kufera pomwepo. Ndiye tsiku lija tinkalidutsa chaka ndi chaka osadziwa. Alipo owerenga amene amakwiya ndi mathero amenewa, ndipo wina akhoza kunditembenuzira mfundo yanga yomwe: mwaona, anachedwa, anataya zaka 13 n'kudyerera zaka 3 zokha. Ine ndimaona mosiyana. Dexter wa 1988 akanamukwatira Emma, akanamuzunza ndi kumusiya pasanathe zaka ziwiri, ndipo bukulo latipatsa umboni wokwanira. Zaka zimene zinaoneka ngati zotayika ndi zomwe zinapanga anthu awiri otha kukhala m'nyumba imodzi. Ndipo zaka 13 zija sizinali zopanda kanthu. Munali makalata, maulendo, matelefoni a pakati pa usiku, kuseka. Ubwenziwo unali kale chikondi, ukwati unangobwera kudzasainira. Masamba omaliza amatibwezera ku 1988, awiriwa akukwera phiri la Arthur's Seat mumzinda wa Edinburgh, asakudziwa kanthu za zomwe zikubwera, ndipo apo ndi pomwe munthu wamkulu amavula magalasi n'kunamizira fumbi.

Ena munaonera filimu yake ya 2011 momwe muli Anne Hathaway ndi Jim Sturgess, kapena magawo 14 omwe Netflix inatulutsa mu 2024. Filimu ya 2011 inapanikiza zaka pafupifupi 20 m'maola osakwana awiri, ndipo chomwe chinatayika ndi chinthu chenicheni chomwe bukulo limapereka, ndicho kulemera kwa nthawi. Buku umaliwerenga masiku angapo, umalisiya, umakaphunzitsa, umabwerako, ndipo nawe umadikira pamodzi ndi anthuwo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana amene wapirira masamba 400 kuti aone ngati awiriwa adzakhale pamodzi waphunzira m'thupi mwake kuti chinthu chokoma chimatha kudikiridwa. Phunziro limenelo silili pa silabasi iliyonse, koma ndi lomwe lingamusunge pasukulu pamene wa kabaza wa ndalama za tsiku ndi tsiku akumuuza kuti yankho likufunika lero.

Ndili ndi pempho kwa alembi athu a Chichewa. Tili ndi mabuku abwino a anthu ngati Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba, ndipo ndimawalemekeza. Koma tinkhani tambiri tachikondi ta m'manyuzipepala ndi pa wailesi timayenda njira imodzi: mtsikana wakopeka, wapatsidwa mimba kapena matenda, walira, wolemba watiuza phunziro. Nkhani zoopseza tili nazo zokwanira. Zomwe tikusowa ndi nkhani zoonetsa chinthu chabwino chikukula pang'onopang'ono. Ndani adzatilembere za awiri amene anakumana pa sekondale yoyendera, wina n'kupita ku koleji ya uphunzitsi, wina ku Johannesburg kukasaka maganyu, n'kumakumana pa Khirisimasi iliyonse kumudzi kwa zaka 15? Anthu otere alipo, ena mwa iwo tili nawo m'chipinda cha aphunzitsi momwemo. Mwana sangasirire chinthu chomwe sanachionepo.

Tsono pempho langa kwa inu anzanga ndi laling'ono. Mawa mukapeza buku pansi pa desiki nthawi ya masamu, litengeni ndithu, chifukwa nthawi ya masamu ndi ya masamu. Koma pitani nalo kunyumba, muliwerenge, ndipo Lachisanu mumubwezere mwiniwake pamodzi ndi funso limodzi lokhudza nkhaniyo. Likakhala loipa, muuzeni chifukwa chake, n'kumupatsa lina m'malo mwake. Ndipo ahedi, tsegulani kabati ija. Mabuku omwe mwasonkhanitsa zaka zonsezi ndi ochuluka kuposa omwe ali mu laibulale ya masukulu ena. Tikhale pansi, tiwasankhe, oyenera apite pa shelefu.

Amene mukutsutsa, tsutsani, ndimakonda mtsutso. Koma mubwere mutawerenga.